Chipepeso cha Don Gaudencio

Dokotala atatchula tsiku, Don Gaudencio Cuevas anabwereka cholembera n'kulilemba pachikhatho, ngakhale linali litalembedwa kale pakhadi la chipatala: Lachiwiri pa 23 Seputembala, m'mamawa, osadya kanthu. Fupa la m'chiuno chakumanzere linali litadyeka, moti poyenda ankalimva likukhukhuza ngati mwala woperera wopanda chimanga. Madokotala anati alidula mutu n'kuikapo wachitsulo.

"Opaleshoni imeneyi timachita tsiku ndi tsiku," anatero dokotalayo, "koma mtima wanu uli ndi zaka 79, ndipo umadumphadumpha. Sindikukuopsezani ayi. Timauza aliyense kuti asiye za kunyumba zili m'malo mwake."

Za kunyumbazo zinali zochepa: nyumba ya zipinda zitatu kumtunda kwa tchalitchi cha ku San Jacinto, bwalo la mitengo iwiri ya mapeyala ndi chitsime, ndi bulu mmodzi wokalamba. M'nyumbamo munali Doña Herlinda. Ana Mulungu sanawapatse. Amene analipo anali ana a malemu akulu awo a Don Gaudencio, amuna atatu okhala mumzinda, amene ankabwera kamodzi pachaka pa chikondwerero cha mudzi, kudya, kenako n'kumayendayenda m'bwalo manja kumbuyo, akuponda mapazi aatali ofanana ngati anthu oyeza malo. Chaka chathachi wamkulu wa iwo anafunsa kuti chitsimecho n'chakuya bwanji. Sanali anthu oipa kwenikweni. Anali ndi lendi ndi ana a sukulu monga aliyense. Koma Don Gaudencio ankadziwa kuti iwo akadzangotseka maso, Doña Herlinda adzayamba kuuzidwa kuti nyumba yaikulu chotere siyenera mayi wokalamba wokhala yekha.

Choncho m'mawa mwake anakwera basi ndi Doña Herlinda kupita kutauni. Kumeneko Seputembala ndi mwezi umene maloya amatsitsa mtengo wolembetsera wilo, ndiye pamasitepe a ofesiyo panali mzere wa nkhalamba, aliyense atafumbata envelopu yake. Loyayo anali mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula mofatsa. Analemba nyumba, analemba bwalo, anamwetulira polemba bulu. Kenako anakweza mutu.

"Zonsezi zipite kwa mayiwa. Chabwino. Ndi akazi anu a ukwati?"

"Takhala limodzi zaka 52," anatero Don Gaudencio.

"Ndafunsa za ukwati, bambo."

"Anandiba," anatero Doña Herlinda, chikwama chili pamiyendo, maso ali pawindo. "Ndinatuluka ndi ndowa ya chimanga kupita kuchigayo, Loweruka m'mawa, ndili ndi zaka 19. Ndowayo ikadali kunyumba, timathiriramo bulu madzi."

Loyayo anaseka, nati zimenezo sizisokoneza kanthu: munthu akhoza kusiyira katundu wake aliyense amene wamutchula dzina, ndipo wilo ikakhalapo palibe mwana wa m'bale amene angamugwedeze. Popanda wilo ndiye mayiwo akanadzayenera kukatsimikizira khoti kuti analidi apabanja, nkhani yotha kutenga zaka.

"Musavutike kundilemba kumeneko, mwanawe," anatero Doña Herlinda. "Chinthu chobedwa sichilandira cholowa. Chimalembedwa pamodzi ndi katundu mnzake. Mundiike pakati pa chitsime ndi bulu."

"Herlinda, mayi inu, tili kwa anthu kuno."

"Ndikufunsa loyayu, osati inu. Mwanawe, munthu akasiyiridwa nyumba, akhoza kuikana?"

Loyayo anayang'ana Don Gaudencio, nayankha zoona: akhoza, posaina pepala.

"Ndiye ndidzabwera pompano kudzasaina. Ndidzatuluka ndi shawelo yanga ndi ndowa ya bambo anga. Munthu amene sanakandipepesere kwathu, nyumba yake sindingailandire."

Anaimirira, napereka moni kwa loyayo mwaulemu, n'kutsika masitepe. Don Gaudencio anatsala atakhala, ndodo pakati pa miyendo. M'zaka 52 anali asanaonepo mayiwo atanena chinthu n'kusachita.

Kwathu ku San Jacinto kuba mkazi si mlandu wa kupolisi. Mtsikana amavomera yekha, amasankha yekha tsiku, ndipo theka la maukwati a m'mudzimo anayamba choncho. Mlandu ndi kusapepesa. Pasanathe masiku ochepa mnyamata amayenera kutumiza nkhoswe kwa makolo a mtsikana ndi dengu la buledi, chokoleti, botolo la kachasu wa mezikali, kandulo yaikulu yokongoletsedwa ndi maluwa, ndi nkhukundembo yamoyo. Ulendo woyamba amakanidwa. Wachiwiri amakanidwanso. Wachitatu awiriwo amagwada pamphasa patsogolo pa guwa la m'nyumba, wamkulu wa banja n'kuwadalitsa, makombola n'kuphulika kuti mudzi udziwe kuti mkwiyo watha.

Don Gaudencio dengu anagula ndithu, chaka chimenecho. Koma asanatumize, Apolinar, mchimwene wamkulu wa Herlinda, ananena pamsika anthu akumva kuti mlongo wake watengedwa ndi mwana wa waganyu, wopanda ngakhale kachigawo ka munda kodzaikidwapo akafa. Gaudencio anabwerera kunyumba n'kudya yekha bulediyo masiku anayi. Anati adikire kaye mtima uzizire. Patapita miyezi iwiri bambo a Herlinda anamwalira, ndipo Apolinar anati awapha ndi manyazi. Kuyambira pamenepo amuna awiriwa, okhala motalikirana misewu inayi yokha, sanalankhulanenso. Pamaliro ankaima mbali zosiyana za dzenje. Herlinda ankapita yekha kukaona achimwene ake, n'kubwerako osanena kanthu. Alipo ena m'mudzimo amene ankati wolakwa ndi Apolinar, ena ankati ndi Gaudencio. Ambiri anali ataiwala kuti panali nkhani.

M'basi pobwerera Don Gaudencio anafunsa motsitsa mawu. "Zaka zonsezi munali chete. Lero lomwe ndili ndi tsiku la mpeni m'manja ndiye mwakumbukira?"

"Zaka zonsezi ndinkati muli ndi mawa. Dokotala wanena kuti mwina mulibe. Kwathu watsala munthu mmodzi wondidalitsa, ndipo ali ndi zaka 91. Mukufuna ndikadalitsidwe ndi ndani, bulu?"

"Munthu ameneyo ananditcha mwana wa waganyu."

"Nanga simunali?"

Don Gaudencio anayang'ana minda ikudutsa pawindo. Basi isanafike pamlatho anafunsa kuti nkhukundembo zabwino akugulitsa ndani masiku ano.

Vuto linali nkhoswe. Mawu a chipepeso ndi aatali, ndipo amanenedwa m'dongosolo lake, osadumpha, osaonjezera. Amene ankawadziwa anali atatha kumanda, poti achinyamata a masiku ano amangotumizirana uthenga pafoni. M'mudzi monse munatsala munthu mmodzi wodziwa mawuwo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, amene anakhala nkhoswe ya San Jacinto zaka makumi anayi, ndipo munthuyo anali Don Apolinar yemweyo. Don Gaudencio anapita kwa Benigno, kompadire wawo, amene mwana wake Don Gaudencio anamuimira pa ubatizo. Benigno anali dalaivala wa basi wopuma ntchito, wa mimba yaikulu ndi msana wovuta.

"Akompadire, ine mawu amene ndimadziwa ndi oti sunthirani kumbuyo, malo alipo," anatero Benigno.

"Muli ndi jekete lakuda. Amene alipo ndi inu."

Anapita Lachinayi dzuwa likutuluka, monga mwambo umafunira, Benigno patsogolo ndi dengu, Don Gaudencio pambuyo ndi ndodo dzanja lina, nkhukundembo m'khwapa linalo. Anatsegula chitseko ndi Otilia, mwana wamkazi wa Don Apolinar, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi amene ankasamala bambo ake yekha chimwalirire amuna ake. Anayang'ana kandulo, anayang'ana nkhukundembo, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Mwabwera kudzafunsira ine?"

Don Apolinar anali m'chipinda chakumbuyo. Matenda a shuga anali atawadulitsa mwendo wakumanja zaka zitatu zapitazo, ndipo maso anali atachita nkhungu. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka. Don Gaudencio, amene ankakumbukira chimunthu cha mapewa aakulu chokuwa pamsika, anapeza kankhalamba kochepa kali m'bulangete, katayang'ana khoma.

Benigno anavula chipewa, natsokomola. "Zikomo, bwana mkubwa. Ife tabwera pa nkhani ya ngozi ija inachitika mu 1973."

Bulangete linagwedezeka. "Ndani ameneyo? Benigno wa basi? Ngozi yanji? Mlongo wanga anagundidwa ndi galimoto?" Mutu unatembenuka, mphuno zikununkhiza. "Ndikumva fungo la kandulo. Ndi nkhukundembo. Otilia! Anthuwa wawalowetsa kuchipinda chogona? Atulutse! Undimete ndevu, undiveke malaya oyera, undipititse kuguwa. Agogode bwinobwino katatu, ngati anthu."

Anadikira panja pafupifupi ola lathunthu, nkhukundembo ikujompha batani la malaya a Don Gaudencio. Atagogoda katatu n'kulowa, anapeza Don Apolinar ali panjinga yawo ya olumala pafupi ndi guwa la zithunzi za oyera mtima ndi za makolo, tsitsi litapesedwa ndi madzi, msana uli njo.

"Yamba," anatero kwa Benigno.

"Tabwera kudzapepesa, chifukwa akompadire angawa..."

"Ayi! Dzina la wakuba silitchulidwa ulendo woyamba. Nena motsatira ine. Tabwera ndi manyazi kumaso ndi kuwala m'manja."

"Tabwera ndi manyazi kumaso ndi kuwala m'manja."

"Nkhunda ya m'nyumba muno inatera padenga pathu, ndipo sitinaiingitse."

"Nkhunda ya m'nyumba muno inakwera padenga..."

"Inatera! Ndi nkhunda imeneyo, si wokhoma malata."

Anapita choncho mzere ndi mzere, Don Apolinar akutsogola, Benigno akupunthwa pambuyo thukuta lili kamukamu. Mawu a nkhalambayo, amene anayamba onjenjemera, anakula mpaka kudzaza chipinda. Anadzipempha okha chikhululukiro m'dzina la Mulungu, la amayi amene anabereka, la nthaka imene tonse tidzagonemo, mokoma moti Otilia anapukuta maso ndi epuloni. Atamaliza anatembenuza nkhope ngati akuyang'ana alendo amene angofika kumene, nayankha ndi mawu ena, ouma.

"M'nyumba muno simunasowe nkhunda. Mwasokera khomo. Nyamulani katundu wanu, mudzabwere Lachinayi linalo ngati mudzakhale mukadali ndi mawu." Kenako ndi mawu a masiku onse: "Buledi yekhayo musiye, angaume."

"Bambo, shuga," anatero Otilia.

"Ndi wa mwambo ameneyu, salowa m'magazi."

Panjira Benigno anali wokondwa ngati mwana wopambana mayeso, akubwereza za nkhunda zija. Don Gaudencio ankawerenga masiku. Lachinayi linalo linali pa 18. Ulendo wachitatu, wogwada ndi kudalitsidwa, ukanagwa pa 25, opaleshoni itapita kale ndi masiku awiri. Kunyumba anafotokozera Doña Herlinda kuti achimwene awo akuchita dala.

"Akutsata mwambo," anayankha mayiwo, akupitiriza kuumba matortiya, zikondamoyo zopyapyala za chimanga. "Inu munachedwa zaka 52, iwo akuchedwa masabata awiri. Wachangu ndani pamenepa?"

Sabata imeneyo Don Gaudencio anapita kukayezetsa magazi, anagula ndodo ya miyendo inayi imene achipatala analamula, ndipo anamanga chingwe kuchokera pabedi kukafika kuchimbudzi choti azidzagwira. Anaimbira loya uja kufunsa ngati wilo ingalembedwe mayiwo osadziwa. Loyayo anati ingalembedwe, koma kukana kwa mayiwo palibe pepala lingakuletse. Doña Herlinda ankagwira ntchito zawo akuimba chapansipansi, ndipo tsiku lina anatulutsa m'bokosi shawelo ya silika n'kuiyanika pamthunzi.

Lachinayi lachiwiri Otilia anawalandira pakhomo akuseka. "Bambo andidzutsa tambala asanalire. Ndawameta kawiri. Sabata yonseyi akudya mbale yonse, akufunsa tsiku ngati mwana wodikira Khrisimasi."

Benigno ulendo uno analakwitsa kanayi kokha. Don Apolinar anamukonza, anamaliza okha mbali yovuta, kenako anatembenuza nkhope kuyankha.

"Tamva kuti nkhunda ina inasowadi. Koma bala likadali laliwisi. Mudzabwere Lachinayi linalo."

Don Gaudencio, amene mwa mwambo sankayenera kutsegula pakamwa, anapatsira Benigno nkhukundembo.

"Lachinayi linalo mwina ndidzabwera m'bokosi, Don Apolinar."

"Wakuba salankhula ulendo wachiwiri."

"Ndiye agwada." Anaponya ndodo, anagwira ngodya ya tebulo, n'kuyamba kutsika. Bondo lakumanja linafika pamphasa bwinobwino. Lakumanzere litatsatira, m'chiuno munalira ngati nthambi yothyoka, maso anachita mdima, ndipo anapezeka ali chammbali pansi, tsaya lili pamphasa, pafupi ndi phazi limodzi lija la Don Apolinar.

Benigno anayesa kuwadzutsa, msana wake n'kukana. Otilia anayesa, Don Gaudencio n'kukuwa. Awiriwo anathamanga kukaitana amuna a kuchigayo, nkhukundembo anaisiya ikuyendayenda m'chipinda. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1973, amuna awiriwa anatsala okha.

"Wafa?" anafunsa Don Apolinar.

"Sindinafe."

"Ndiye wagwada molakwika. Amayamba ndi bondo lakumanzere."

Don Gaudencio anapuma kangapo mpaka ululu unatsika. Kenako analankhula ali chigonere, akuyang'ana mawilo a njingayo. Ananena za mpeni wa Lachiwiri, za mtima wodumphadumpha, za ana a akulu awo oyeza bwalo ndi mapazi, za loya ndi pepala lokanira.

"Zonsezo ndikuzidziwa," anatero Don Apolinar. "Herlinda anandiuza."

"Mukudziwa, n'kumandizunguza dala? Ine mundide, palibe kanthu. Koma wogona panja adzakhala mlongo wanu."

Nkhalambayo inasisita chogwirira cha njinga ndi dzanja. Poyankha mawu aja a guwa anali atachoka.

"Iwe mnyamata, ukudziwa anthu amene alowa m'nyumba muno chaka chino kudzandiona? Herlinda. Namwino wa kukiliniki, wodzabaya chala. Wansembe kamodzi, ndipo anabwera ndi mafuta odzozera odwala mwakayakaya, ndinamuthamangitsa. Mabanja amene ndinawamangira ukwati m'mudzi muno ndi oposa mazana awiri. Amadutsa pamsewupo, ndimawamva mawu. Otilia ndi mwana wabwino, koma watopa, ndimamva m'mene amaikira mbale. Ndiye Lachinayi lapitali kwabwera anthu pakhomo, agogoda katatu, andifuna ine. Ndikavomera, dengu silibweranso."

Nkhukundembo inadutsa pakati pawo.

"Bambo sunawaphe ndiwe," anapitiriza Don Apolinar. "Chinawapha ndi chiwindi, ndi mezikali. Ndinkadziwa ngakhale tsiku lomwe ndinkanena. Ndinali ndi zaka 39, nyumba yonse itagwera pamutu panga, ndinafuna wina womukwiyira. Koma dengu lako ndinalidikira. Ndinapita kwa malemu Don Cástulo kukaphunzira mawu oyankha, kuti ukadzabwera ndisadzachite manyazi. Chaka chinatha, sunabwere. Ndinaphunzira ndi opempha omwe. Unkhoswe wanga wonse unayamba choncho, poyeserera iwe."

"Dengu ndinagula," anatero Don Gaudencio. "Buledi ndinadya ndekha."

"Yense?"

"Masiku anayi. Womaliza anali ngati njerwa."

Don Apolinar anaseka mpaka kutsokomola, Don Gaudencio naye anaseka, chiuno chikuwabaya pa kuseka kulikonse. Kuseka kutatha, ananena mawu awoawo, osakhala a mwambo.

"Ndinalakwa, alamu. Ndinatenga mwana wa eni ake, ndinamusunga bwino m'mene ndinathera, koma ndinamudula kwawo chifukwa cha kunyada. Pepani. Ndipo Lachinayi lililonse ndizibwera, dengu kaya popanda dengu."

"Malonjezo ako amatenga zaka 52 kuti apse."

"Ndiye muzibwera ndinu. Akandidula ndikhala pabedi masabata asanu ndi limodzi. Herlinda azindisamala, koma wondinyoza adzakhala ndani? Benigno anayendetsa basi zaka makumi atatu, njinga iyi singamukanike. Lachinayi ndi Lamlungu. Otilia naye apumeko, apite kumsika ngati anzake."

"Kwanu kuli masitepe?"

"Limodzi. Ndiikapo thabwa."

"Chokoleti chakumwa cha Herlinda chimakhala ndi shuga?"

"Chanu chizikhala chopanda."

"Ndiye ndiwe wakuba ndithu," anatero Don Apolinar, akupukuta maso ndi chikhatho.

Panja panamveka mapazi. Otilia analowa ndi amuna awiri oyera ndi ufa, Benigno ali wefuwefu pambuyo, ndipo pambuyo pa onse Doña Herlinda, amene uthenga unawapeza pachitsime. Anali atathamanga misewu inayi, koma shawelo ya silika ija inali pamapewa. Amuna a kuchigayo atawerama kuti anyamule, Don Gaudencio anakana.

"Ndisiyeni. Pansi pano ndafikapo movutikira, ulendo wina sindingathe."

"Wanena zoona," anatero Don Apolinar, mawu a guwa atabwerera. "Mwambo umati nkhoswe igogode maulendo atatu. Za masiku tinkaika ndife, kuti mkwiyo upeze nthawi yozizira. Chaka china tinachita maulendo awiri tsiku limodzi, mtsikana ali pafupi kuchira, ndipo mwanayo lero ndi mphunzitsi. Benigno, nyamula dengu. Gwira mbalameyo. Tuluka, uzungulire tchalitchi, ubwere ugogode."

"Tchalitchi chonse, bwana mkubwa? Msana wangawu?"

"Ukachedwa ndionjezera manda."

Benigno anapita, ndipo m'mene ankabwerera anali ndi anthu khumi ndi awiri pambuyo pake, chifukwa dalaivala wonenepa wozungulira tchalitchi ndi nkhukundembo m'khwapa sangabisike. Anagogoda katatu. Ananena mawu onse, ndipo ulendo uno anatchula dzina la Gaudencio Cuevas, mwana wa Hilario, osalakwitsa paliponse. Amuna a kuchigayo anadzutsa Don Gaudencio pang'ono n'kuwagwirizira m'khwapa kuti aoneke ogwada. Doña Herlinda anagwada pambali pawo, mosavuta ngati mtsikana. Otilia anayatsa kandulo.

Don Apolinar anatambasula manja, kufufuza mitu iwiriyo mpaka anaipeza. "Nkhunda yathu taipeza, ndipo ili bwino. Denga limene inatera ndi denga lathu. Mkwiyo wa nyumba ino watha lero." Analemba mtanda pamphumi pa mlongo wawo. "Bambo ndi mayi akudalitsa kudzera m'dzanja langali, Linda. Wachedwa kubwerako kuchigayo."

Doña Herlinda anagwira dzanjalo n'kulipsompsona, osalisiya msanga.

Wina anali atathamanga kale kusitolo, ndipo makombola atatu anaphulika pamwamba pa San Jacinto dzuwa lili pamutu. Anthu ankatuluka m'nyumba kufunsa kuti wabedwa mwana wa yani. Atamva kuti ndi Doña Herlinda, amayi ena anakhala pansi ndi kuseka, kenako anabwera ndi mipando ndi miphika. Namwino wa kukiliniki anafika, anagwiragwira chiuno cha Don Gaudencio, nati sichinathyoke, koma akadzachitanso zimenezi adzawamanga pabedi ndi chingwe. Mezikali anazungulira m'timakapu. Mabanja akale amene Don Apolinar anawamangira ukwati ankabwera awiriawiri kudzagwira dzanja, ena mwamanyazi, ndipo nkhalambayo inkawazindikira ndi mawu okha, n'kumakumbutsa aliyense zimene apongozi ake ananena tsiku lake. Anagwirizana kuti ukwati wa kuboma ndi wa kutchalitchi udzachitike mu Disembala, mkwati akadzayamba kuyenda, chifukwa Doña Herlinda anati sangavine ndi ndodo ya miyendo inayi.

Lolemba, tsiku limodzi opaleshoni isanachitike, anakweranso masitepe a loya uja, pang'onopang'ono, Doña Herlinda atagwira mkono. Loyayo anawerenga mokweza: nyumba, bwalo, chitsime, zonse kwa Herlinda Zárate Luna, popanda wina womusokoneza. Anayang'ana mayiwo pamwamba pa magalasi.

"Mudzalandira, mayi?"

"Ndidzalandira. Koma asafulumire, denga lakukhitchini sanakonze."

Don Gaudencio anasaina pang'onopang'ono, chilembo chilichonse payekha monga anaphunzirira atakula kale. Ataika cholembera pansi anamva mapewa awo akutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kwa dokotala anamva njala. Anagwira ndodo kuti anyamuke, koma Doña Herlinda anali asanasunthe.

"Mwanawe, tenga pepala lina. Nanenso ndilembetsa yanga, poti mwezi wake ndi uno. Sizidziwika woyamba ndani."

"Inu muli ndi chiyani choti musiye?" anafunsa Don Gaudencio.

"Makina osokera apite kwa Otilia, ndi ndolo za mayi anga. Nkhuku kwa akazi a Benigno." Anaganiza pang'ono. "Achimwene anga ndikuwasiya m'manja mwa bambo awa."

Loyayo anaika cholembera pansi. "Mayi, munthu salembedwa mu wilo."

"Lemba kuti ndi pempho. Aziwameta Lachinayi, aziwabisira buledi wa shuga, ndipo akayamba kukangana asamawasiye apambane nthawi zonse, amadwala nazo."

Loyayo anayang'ana Don Gaudencio. "Bambo, cholowa chimenechi mukhoza kuchikana. Lamulo likulolani."

Don Gaudencio anakanda chibwano, akuoneka ngati munthu woganizira malonda ovuta.

"Lembani," anatero. "Koma muonjezere kuti akubwera ndi njinga yake."